Nkhanga ya Mwendo Umodzi

"Ombaninso m'manja! Mwasiyiranji? Ombani, anthu amve kuti m'nyumba muno mwalowa mwayi!"

Mayi a ana anaponya chikwama chawo cha kumsika pakhonde. Chinangoti phwa, chifukwa munalibe kanthu.

"Kodi inu, moni wake ndi ameneyu?" anafunsa amuna awo, a Nkhanga, atakhala pa benchi lawo la ntchito, timisomali tili pakamwa.

"Moni mukalandire ku wailesi yanuyo. Tsiku lija akulengeza za msonkho wa nsapato zochokera kunja simunaimirire inu? Simunavine mpaka kukankha chitini cha guluu? Lero ndapita kokaoda katundu, mtengo ndaupeza uli kudenga. Mapatapata, nsapato za pulasitiki, zonse zakwera. Ndabwerako chimanjamanja. Ndikayale chiyani pamsika paja, mano angawa?"

A Nkhanga analavulira timisomali tija m'dzanja. Iwo anali wosoka nsapato, ndipo shopu yawo inali khonde lomwelo la nyumba: benchi, nyundo, mipeni, zikopa zopachika pakhoma, ndi zikombole za mapazi zondandalika pansi. Dzina la Nkhanga linachokera ku chidindo chawo, kachitsulo ka zala zitatu kamene ankakawotcha pa mbaula n'kudinda kunsi kwa nsapato iliyonse yotuluka m'manja mwawo. Wovala nsapatoyo akaponda padothi, pankatsala phazi la nkhanga. Ndiye bambowa akamayenda, maso ankakhala pansi ngati munthu wotaya singano, kufunafuna mapazi a nkhanga zawo. Akawaona, tsiku limenelo tiyi ankamwa akuimba.

"Mayi, khalani pansi ndikuuzeni," anatero. "Lamuloli lanena poyera kuti likuteteza opanga katundu m'dziko muno. Nanga ine ndine ndani? Si wopanga ine? Zaka zonsezi nsapato zanu za pulasitikizo zakhala zikundidya ngati chiswe."

"Chiswe chimenecho ndi chimene chakhala chikugula mchere ndi sopo m'nyumba muno. Mnzako akapsa ndevu umamuzimira, suvina ayi."

"Sindinavinire kugwa kwanu. Ndinavinira ife."

"Ife! Lero tayamba kukhala ife?"

"Tamverani kaye. M'mawa muno kunabwera amayi a komiti ya makolo a pasukulu paja. Akuti nsapato za m'sitolo sizikugwirika, ndiye makolo agwirizana kuti ana onse oyamba chaka chino ndiwasokere ine. Sukulu ikamatsegulidwa mwezi wamawa, msewu wonsewu ukhala nkhanga zokhazokha. Zikopa ndili nazo. Chatsala ndi masoli basi."

Masoli, ndiye kuti zapansi za labala zimene nsapato imapondera, sankapangidwa m'dzikomo. Aliyense wosoka nsapato ankachita kuitanitsa kutsidya kwa chipata cha m'malire a dziko.

"Ndiye mukundiyang'ana choncho bwanji?" anafunsa mayiwo, akubwerera m'mbuyo.

"Mpamba wanuwo wangokhala. Tiuphatikize ndi wanga, tigule katoni yathunthu."

"Ayi, ayi, ayi! Mwandiphera bizinesi, tsopano mukufunanso kudya pamaliro pake? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a ana."

"Wapachala ngwamphepo, ndikudziwa. Koma uyu si wapachala. Anthu abwera okha, ndi miyendo yawo, kudzandipempha. Zinachitikapo liti zimenezi?"

Anakangana mpaka nkhuku kulowa m'khola. Anakumbutsana za denga lodontha, za mbuzi imene inagulitsidwa mosauzana, za achibale a uyu ndi a uyo. Koma ukwati ndi chinthu china, abale. Munthu yemweyo amene amakutukwana masana ndi amene amakufunditsa usiku. Pomaliza mayiwo anamasula mfundo ya pampango wawo, n'kuika zonse pa benchi.

"Mukazitaya izi," anatero, "musadzandiuzenso za wailesi."

Wokaoda masoli anali mlongo wawo wa mayiwo, munthu wa mwendo wopepuka amene ankakhalira kudutsa chipata kugulira anthu katundu. Onse ankamutcha Chidule, chifukwa sankakhulupirira kuti padziko pano pali malo a njira imodzi. Anapita, koma sanachedwe. Anabwerako ali manja lende.

"Alamu, sindinagule kanthu. Pachipata paja zinthu zasintha. Masoli akuwalipiritsa msonkho umodzimodzi ndi nsapato."

"Wamva molakwa iwe."

"Ndafunsa uku ndi uku. Akuti soli ndi nsapato."

"Soli ndi nsapato? Ndiye mpini ndi khasu? Chitseko ndi nyumba?"

"Ine musandikalipire, alamu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pitani nokha mukamve ndi makutu anu."

M'mawa mwake a Nkhanga anavala jekete, n'kuika soli yakale m'thumba, ulendo wa ku ofesi ya msonkho kutauni. Anaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi. Atafika pazenera anapeza kalaliki wa tayi yofiira, akuyang'ana kompyuta. Anatulutsa soli ija n'kuimenyetsa pathabwa.

"Bwana, valani iyi. Muyende nayo mpaka pakhomo apo."

"Bambo, ndivala bwanji? Ilibe pogwira phazi."

"Zikomo. Ndiye si nsapato."

"Kwa ine si nsapato. Koma kompyuta ikuti nsapato ndi ziwalo zake, mzere umodzi, msonkho umodzi."

"Nanga lamuloli analiika kuti liteteze ndani?"

"Opanga nsapato a m'dziko muno."

"Ndine amene! Ndafika!" A Nkhanga anadziguguda pachifuwa, anthu a pamzere n'kuseka.

"Ngati ndinu wopanga, nkhani yatha," anatero kalalikiyo. "Opanga salipira msonkho pa masoli. Ndioneni chiphaso chanu cha fakitale."

"Chiphaso cha chiyani?"

"Cha fakitale. Pamafunika nyumba ya njerwa yakeyake, magetsi, makina, ndi wantchito wolembedwa. Abwana amabwera kudzaona."

"Ine makina anga ndi awa," anatero a Nkhanga, akutambasula manja akuda ndi guluu, odzaza zipsera za singano.

"Ndiye inu sindinu wopanga."

"Ndimatenga chikopa, ndimadula, ndimasoka, ndimamata, munthu n'kuvala n'kumapita. Chimene chatulukacho n'chiyani?"

"Nsapato."

"Wapanga ndani?"

"Inuyo."

"Ndiye ndine wopanga!"

"Ayi, bambo. Inu ndinu wosoka." Kalalikiyo anakanda m'mutu, n'kutsitsa mawu. "Kunena zoona, inenso bambo anga ndi telala, ndipo za nsalu zake ndalephera kuwafotokozera. Sindinalembe ndine zimenezi. Wotsatira!"

A Nkhanga anatuluka mutu uli ziii. M'basi monse ankangodzifunsa chamumtima, wopanga, wosoka, wosoka, wopanga, mpaka anapitirira potsikira.

Madzulo ake anakhala atatu pakhonde. Chidule anakoka mpando, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali womvetsera.

"Alamu, ndikufunseni. Munthu amagula nsapato imodzi?"

"Ayi. Nsapato ndi peyala."

"Basi, mwayankha nokha. Tikalekanitsa masoliwo, akumanzere katoni yawoyawo, akumanja yawoyawo, n'kudutsa nawo masiku osiyana, ndani angati ndi nsapato? Ndi zidutswa za labala chabe, zinyalala. Msonkho wake ndi wosaoneka n'komwe. Amalonda akuluakulu amatero."

"Chidule," anatero mayi a ana, "iwe ndinakubereka kumbuyo, ndimakudziwa. Njira zako zimayamba bwino, zimathera paminga."

"Asisi, inu mumangondiona ngati mwana. Ndadutsa pachipata paja kuposa ntchentche."

"Kuthamanga si kufika."

"Nanga kukhala pansi ndiye kufika?"

Onse awiri anatembenukira kwa a Nkhanga. Iwo anali atagwira mutu ndi manja awiri.

"Tikalipira msonkho wonsewo, nsapato yanga ikwera kuposa ya m'sitolo, makolo athawa. Tikapanda kugula, tafa ndithu. Tsono uku n'kuba kapena si kuba? Ine sindikudziwa. Iwo akuti soli ndi nsapato, pomwe si nsapato. Ife tikuti soli imodzi si nsapato, ndipo si nsapatodi. Wabodza ndani pamenepa? Mayi, tandithandizani, mutu wanga waima."

Pomaliza a Nkhanga anavomera nzeru ya mlamu wawoyo. Chidule ananyamuka m'bandakucha.

Akumanzere anafika bwinobwino. Chidule anatsitsa katoni pakhonde akuyenda monyang'wa.

"Munthu wa msonkho anatsegula, anayang'ana, n'kuyamba kuseka. Akuti, kwanuko kuli anthu a mwendo umodzi okhaokha? Analemba kuti zinyalala za labala, n'kundiuza kuti dzipita. Asisi, nenani kanthu tsopano!"

"Ndinena akafika anzake."

A Nkhanga sanadikire. Anayatsa mbaula, ananola mipeni, ntchito inayamba. Sabata yonse pakhonde pankangomveka kho, kho, kho, ndi fungo la guluu mpaka kwa aneba. Nsapato iliyonse ikatha, ankaigadabuza, n'kutenga chidindo chofiira ndi moto, n'kudinda, labala n'kuti tsss. Mayi a ana, poti kumsika kunalibe chokachita, anayamba kupaka polishi ndi kulowetsa zingwe. Nsapato zinandandalika khonde lonse, zakuda, zonyezimira, zonse zokhotera mbali imodzi.

Loweruka Chidule anatulukira kumsewu. Pamutu panalibe katoni. Nayenso sankayenda monyang'wa.

"Alamu, musakwiye."

"Masoli ali kuti?"

"Ndinapeza wina pachipata, mayi wa magalasi. Anatsegula katoni, anatulutsa imodzi, ina, inanso, n'kundifunsa kuti akumanzere ali kuti. Akuti uku n'kuzembetsa nsapato. Alanda. Akuti tilipire msonkho wonse ndi chindapusa pamwamba, apo ayi katunduyo akamugulitsa pa okushoni."

"Sunawauze kuti mnzawo anati ndi zinyalala?"

"Ndinawauza. Akuti za tsiku lija ndi za tsiku lija."

"Tsono akumanzere ndi zinyalala, akumanja ndi nsapato?"

"Eya, alamu."

"Ochokera m'fakitale imodzi? Odutsa pachipata chimodzi?"

"Eya."

Mayi a ana anaika pansi burashi ya polishi pang'onopang'ono. Onse ankayembekezera mkuntho, koma iwo anangofunsa motsitsa, "Chindapusacho tingachikwanitse?"

Chidule anapukusa mutu. "Ngakhale titagulitsa malata a nyumba ino, asisi."

Apa m'pamene mkuntho unagwa. Chidule anathawa osatsanzika, chipewa chake n'kutsala pampando.

Masiku otsatira a Nkhanga anayesa zonse. Anatenga soli yakumanzere n'kuitembenuza kuti ikhale yakumanja, mano ake n'kuloza kumwamba, kobaya phazi. Anapita kwa wokonza magalimoto kukapempha tayala lakutha, nadulamo soli, naisokera. Atavala peyalayo kuti ayese, mwendo wina unatalika, wina unafupika. Anayenda pabwalo akutsimphina, phazi lina likuti phwa, lina likuti gu. Akazi awo anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Zinali zomvetsa chisoni ndithu, munthu wamkulu, mmisiri, kumadumphadumpha pabwalo pake ngati wabayidwa ndi minga.

Ali choncho, amayi a komiti ya makolo anatulukira. Ataona nsapato zili mbwee pakhonde anaomba m'manja.

"Amisiri, mwagwira ntchito! Nditengeko peyala imodzi ndikaonetse makolo."

Anatola imodzi, n'kuyamba kufuna inzake. Anatola ina, anaibweza. Anatola inanso. Kenaka anaweramuka.

"Kodi maso angawa, kapena?"

"Zinzake zikubwera, mayi."

"Zikubwera zokha? Zili pa ulendo?"

"Zili m'manja mwa boma."

"Boma likuvala nsapato za ana athu?"

A Nkhanga anayesa kufotokoza za wopanga ndi wosoka, za zinyalala ndi nsapato, koma pofika pakati nawonso anasokonezeka. Amayiwo anangogwira m'chiuno.

"Ine zimenezo sindikuzimva. Chimene ndikudziwa n'chakuti ana athu ali ndi miyendo iwiriiwiri, ndipo sukulu sidikira munthu. Makolo akandifunsa ndikayankha chiyani?"

Atachoka, mayi a ana anapumira m'mwamba. "Mvula ikakuona litsiro sikata," anatero.

Tsiku la okushoni Chidule anabweranso, chipewa chatsopano chili m'manja, nzeru zatsopanonso zili m'mutu.

"Alamu, apa ndiye tapambana. Ndani angalimbirane masoli a mwendo umodzi? Palibe. Tikaimika dzanja tokha, tikawatenga pa mtengo wa tomato."

"Ulendo uno ndipita nawo," anatero mayi a ana. "Mpamba wanga ndikauone ndi maso."

Okushoni inachitikira m'chinyumba chachikulu cha malata, chotentha, chodzaza katundu wolandidwa. A Nkhanga anaiona katoni yawo nthawi yomweyo, yomangidwa ndi chingwe cha buluu cha Chidule. Koma sinali yokha. Anali ataiunjika pamodzi ndi mapoto, matochi, mabulangete ndi matayala a njinga, mulu wofika m'khosi. Woitanira malonda atatchula mtengo woyambira, mayi a ana anagwira mkono wa amuna awo.

"Bwana!" anakuwa a Nkhanga. "Ine ndikufuna katoni yokhayo, ya chingwe cha buluuyo!"

"Sitigulitsa zidutswa kuno, bambo. Mulu ndi mulu."

"Koma mapoto ndi masoli zikugwirizana pati?"

"Khalani chete kumbuyoko!"

Manja anakwera, anatsika. Kutsogolo kunakhala munthu wina amene dzanja sankaimika n'komwe, ankangogwedeza kiyi wa galimoto. Nyundo itagunda, anatembenuka, ndipo onse atatu anamuzindikira. Anali mwini sitolo yaikulu ya pamsika pawo pomwe, ya zitseko ziwiri.

"Ameneyu akufuna mapoto," ananong'ona Chidule. "Masoliwo atipatsa ulere, muona."

"Iwe, tseka pakamwa," anatero mlongo wake.

Sanachite kumulondola. Lachinayi mwini sitoloyo anabwera yekha, anaimika galimoto pamsewu, n'kulowa pabwalo akuodira mwaulemu. Anakana mpando. Anatola nsapato imodzi, anaipinda, anayang'ana msoko, n'kugwedeza mutu.

"Manja muli nawo, amisiri. Amayi a komiti anandiuza za vuto lanu, ndiye ndinati ndikaone ku okushoni kuja. Inu muli ndi kumanzere, ine ndili ndi kumanja. Chala chimodzi sichiswa nsabwe."

"Zikomo, bwana. Ndigulitseni masoliwo. Ndikalandira kwa makolo ndidzakupatsani ndi phindu lomwe."

"Ndikanakonda. Koma ine sindigulitsa masoli. Ndine wopanga nsapato."

A Nkhanga anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana iwo.

"Chiyambire liti?"

"Mwezi uno. Lamulo litangotuluka ndinasesa chipinda cha kuseri kwa sitolo, cha njerwa chija. Magetsi alimo. Makina ndagula, akadali m'pulasitiki. Chiphaso chatsala pang'ono kutuluka, akungofuna aone wantchito wolembedwa. Zikatero masoli ndiziitanitsa opanda msonkho."

"Pepani bwana, munasokapo nsapato inu?"

"Ngakhale batani sindinasokepo," anaseka munthuyo. "N'chifukwa chake ndabwera. Nsapato zakumanzerezi nditenga, ndikupatsani kangachepe kuti mayi apezeko poyambira. Inu mubwere ndi zikombole zanu, muzisokera kwa ine, muzilandira pamwezi. Za makolo musade nazo nkhawa, ndalankhula nawo kale, azikagula kusitolo."

"Ndikakana?"

"Palibe chokakamiza. Labala saola, ine ndikhoza kudikira chaka. Koma sukulu ikutsegulidwa Lolemba." Anaika nsapato ija pamzere bwinobwino, mofanana ndi zinzake, n'kutsanzika.

Galimoto itapita, a Nkhanga ankayembekezera kuti akazi awo anena za wailesi, za kuvina, za chitini cha guluu. Koma mayiwo anakhala pa benchi pambali pawo.

"Kanani, bambo a ana."

"Mwati?"

"Ndati kanani. Mpamba wanga upite, ndaulira kale. Ndikakhala pamsika ndi nthochi, sindifa. Koma khonde ili musalisiye. Pano palibe amakuuzani nthawi yodzuka. Pano mwana akang'amba nsapato mumamusokera, amake n'kudzalipira akakolola. Kuseri kwa sitolo kuja mukachita zimenezo?"

"Tikakana tidya chiyani? Nsapato zakumanzere?"

"Tiona."

"Tiona chiyani, mayi? Mwezi wamawa iye akhala ndi masoli opanda msonkho, ine a msonkho. Ndikakana ine, apeza wina. Ndipikisana naye bwanji? Ndipo ana aja ndinawayeza mapazi ndekha, mmodzimmodzi. Apite kusukulu osavala chifukwa cha ine?" Anayang'ana mzere wa nsapato zija. "Chimene chikundipweteka n'chakuti sindikudziwa wondilakwira. Kalaliki uja akuti sanalembe ndiye. Mayi wa magalasi anagwira ntchito yake. Bwanayu sanabe kanthu, wagula poyera. Chidule amafuna kuthandiza. Ndiye ndikwiyire ndani? Munthu kumenyedwa, osaona dzanja!"

Mayiwo anatenga thumba n'kuyamba kulongedza zikombole.

Lachisanu m'mawa anasenza katundu awiriwiri mpaka kuseri kwa sitolo. Chipindacho chinali ndi babu limodzi ndi kazenera kakang'ono m'mwamba. Katoni ya chingwe cha buluu inali pakona. A Nkhanga atatulutsa chidindo chawo n'kufunsa poika mbaula, bwanayo anaimika dzanja.

"Chimenecho chibwerere kunyumba, amisiri. Kuno tili ndi chizindikiro chathu." Anawaonetsa timapepala tomata m'kati mwa nsapato, tolembedwa dzina la sitolo, ndipo pansi pake, ZOPANGIDWA M'DZIKO MUNO.

"Koma zakumanzerezi ndadinda kale."

"Zimenezo zisiyeni, ndani amayang'ana kunsi kwa nsapato? Koma zakumanjazi musadinde."

Mayi a ana analandira kachitsulo kaja, anakakulunga pampango, pamfundo pomwe pankakhala mpamba, n'kubwerera okha.

A Nkhanga anasoka masiku atatu osaweramuka, ndipo nsapato zinatha. Makolo anagula kusitolo, pa mtengo umene unawasiya akung'ung'udza, koma akanapita kuti?

Lolemba kunacha kutagwa kamvula, dothi la mumsewu lili lofewa. Ana a sukulu anadutsa pakhomo m'magulumagulu, akuyenda mosamala kuopa kudetsa nsapato zatsopano. Wailesi ya aneba inkanena kuti lamulo la msonkho layamba kubala zipatso, mafakitale ang'onoang'ono akutsegulidwa, anthu akulembedwa ntchito. Mayi a ana ankasesa khonde, limene tsopano linkaoneka lalikulu ngati la eni ake ena. Atafika kumsewu ndi tsache anaima.

"Bambo a ana, tabwerani mudzaone."

A Nkhanga anatuluka akumanga mabatani a malaya. Msewu wonse unali mapazi a nkhanga, monga ananenera tsiku lija. Koma phazi lililonse linali lakumanzere. Pambali pake, pomwe panayenera kukhala linzake, panali chidindo cha labala wamba, chopanda mwini.

"Nkhanga yanu ikudumphira mwendo umodzi," anatero mayiwo. 

A Nkhanga ananjuta, n'kugwira phazi limodzi ndi chala.

"Mayi, mwina mutu wanu uli bwino kuposa wanga. Amene watetezedwa pamenepa ndani?"

Mayiwo anawapatsa kathumba ka chakudya cha masana. "Fulumirani. Bwana wanu sakonda ochedwa."

A Nkhanga anaimirira, anasasa maondo, n'kuuyamba ulendo wa kusitolo. Kwa nthawi yoyamba chiyambire kusoka nsapato, anayenda msewu wonsewo maso ali m'mwamba, osayang'ana pansi ngakhale kamodzi. Anthu a pamsika atawaona anakodolana, amvekere, "Taonani a Nkhanga, angolembedwa ntchito dzana, matama ayamba kale."